Tsiku Limene Tata Anakhala Pansi

1

Dzina langa ndine Rade Uzelac, ndipo ndine amene ndinawakhazika pansi bambo anga pa tsiku la slava. Mwina kwa inu zikumveka ngati ulemu, koma kwathu ndi mlandu umene ndidzafa nawo.

Slava yathu ndi ya Yohane Woyera, pa 20 Januwale. Banja lililonse la Chiserbiya lili ndi woyera wake, ndipo bambo amapatsira mwana wake wamwamuna, iyenso wake, kuyambira kumapiri a ku Lika kumene agogo anachokera mpaka m'tawuni yathu ino ya zitsulo, kufupi ndi Pittsburgh. Tsikulo kandulo ikayatsidwa, mwini nyumba sakhala pansi. Amaima kulandira alendo ndi kuwathirira zakumwa mpaka kanduloyo itazimitsidwa ndi vinyo. Tata, a Stevo Uzelac, m'mapepala Stevan, anaima motero zaka 58. Anaima chaka chimene fakitale inatsekedwa, anaima Mama atangomwalira, ndipo anaima ndi ndodo madokotala atawaika chitsulo m'chiuno.

"Khalani pansi pang'ono, Tata, Yohane wayang'ana kumbali," tinkawaseka.

"Ndi mlendo wanga ameneyo," ankayankha. "Iwe ungakhale pansi mlendo ali chilili?"

Tinabadwa awiri. Achimwene anga a Gojko ndi aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi, munthu amene amapita kutchalitchi kukaona amene sanabwere. Koma nane ndisadziyeretse. Ndimakonda kupambana mkangano kuposa kudya. Ndinagwira ntchito ya magetsi zaka makumi atatu, ndipo ndinazolowera kuti waya akalakwika ndimamupeza n'kumuloza anthu onse akuona.

Mkazi wanga Smilja ndinamukwatira ali ndi mwana wa zaka ziwiri, Nenad, amene bambo wake womubereka anasowa asanabadwe. Mwanayo ndinamulera, ndinamupatsa dzina langa kukhoti, ndipo mawu akuti Tata anawaphunzirira pa ine. Chaka chimene ndikunenachi anali ndi zaka 27, akukonzekera ukwati, ndipo ankafuna kuti agogo ake amudalitse ayambe kuyatsa kandulo ya Yohane m'nyumba mwake.

"Ndamva kuti mnyamata wako akufuna slava," anatero a Gojko Lamulungu lina mu Novembala, tikumwa khofi mu holo ya tchalitchi.

"Akukwatira mu Meyi, achimwene. Chavuta n'chiyani?"

"Akayatse ya bambo wake."

"Bambo wake ndine."

"Iwe ndiwe amene unamugulira njinga. Slava imayenda m'magazi, Rade, siyenda pa pepala la kukhoti."

Tata anali pomwepo, akutakasa khofi wawo. Kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa mawu a Gojko, chifukwa ndinaganiza kuti akugwirizana nawo.

2

Zofufuza mapepala a sitima ndinaziyamba mtima uli woyera. Mu Marichi zikanakwana zaka 90 chifikireni agogo aakazi ku Amereka, ndipo ndinkafuna kupeza tsamba limene analembedwapo, ndiliike mu felemu, ndiwapatse Tata pa slava.

Mbiri yathu aliyense ankaidziwa pamtima. Agogo a Dane anachoka ku Lika mu 1912, atangokwatira miyezi inayi, kudzagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo mumzinda wa Gary, kutali ndi kuno. Nkhondo inatseka njira, ndipo mkazi wawo a Soka anadikira zaka zisanu ndi zinayi. Anafika mu Marichi 1921, ndipo mu Disembala anabadwa Tata, mwana woyamba wa a Uzelac kubadwira kuno. Ankati anabadwa chimphona. Kusukulu anali wamtali kuposa anzake onse, ndipo a kuma Draginja, a banja limene limatigwirira ana pa ubatizo kuyambira kalekale, ankakonda kunena kuti Stevo anabadwa ali ndi mano kale. Tinkaseka chaka ndi chaka, iwonso ankaseka.

Mayi wa kulaibulale anandisonyeza kafufuzidwe ka mindandanda ya okwera sitima pa kompyuta. A Dane ndinawapeza tsiku loyamba lomwe. Zaka 22, mlimi, maso otuwa, chipsera pachibwano. Pamalo ofunsa za mbale amene wamusiya kwawo panalembedwa kuti mkazi wake, Soka. Ndinapukuta magalasi anga kawiri, mayi uja n'kuchita ngati sakuona.

A Soka anandivuta masabata atatu, chifukwa kalaliki wa pa sitimayo ankalemba ngati nkhuku yapalasa. Ndinawapeza pa sitima yochokera ku doko la Trieste, pa mzere wa 14. Zaka 27, wokwatiwa, akupita kwa mwamuna wake ku Gary. Ndikuti ndidinde tsambalo, maso anga anatsikira pa mzere wa 15.

Ndinauwerenga kasanu. Zimene zinali pamzerewo ndikuuzani nthawi yake ikakwana, chifukwa inenso ndinayenda nazo m'thumba masabata asanu ndi limodzi.

Ndinayesetsa kuti pepalalo likhale lonama. Amuna ambiri a kwathu anabwerera kukamenya nkhondo, ndiye ndinafufuza sitima iliyonse, mwina a Dane anapitako n'kubweranso. Sindinapeze kanthu. Pa kalembera wa anthu wa mu Januwale 1920 anali ku Gary, m'nyumba ya lendi ndi amuna anzawo asanu ndi awiri. Pa pepala lawo lopempha unzika analumbira kuti chifikireni mu 1912 sanatulukepo m'dziko lino. Waya wolakwika ndinali nditamupeza, ndipo ndichite manyazi ponena kuti pansi pa chisoni changa panali kachimwemwe koti ndadziwa chimene a Gojko sakudziwa.

3

Smilja ndinamuonetsa m'mawa wina akukulunga nyama m'masamba a kabichi wowawasa, kukonzekera slava. Anapukuta manja n'kuwerenga.

"Tentha," anatero.

"Ndi mbiri ya banja imeneyi."

"Ndi mbiri ya mkazi amene sangadziyankhire. Tentha, Rade."

"Sindiuza munthu."

"Ndakhala nawe zaka 25. Iwe ukakhala ndi chinthu m'thumba, thumbalo limakuyabwa."

Ndinamulonjeza. Tsamba la a Dane ndinaliika mu felemu yokongola. La a Soka ndinalipinda kanayi n'kuliika m'thumba la jekete yanga ya kutchalitchi, ndikudziuza kuti ndidzalitentha ndikapeza mpata. Machesi anali m'kabati tsiku lililonse, koma mpatawo sunapezeke.

4

Pa 20 Januwale kunagwa chipale chofewa chambiri. Alendo anafika makumi awiri ndi anayi, nyumba ya Tata n'kudzaza fungo la nkhumba yootcha ndi lubani. Kandulo inali itayatsidwa patsogolo pa chithunzi cha Yohane, pambali pake buledi wa slava ndi mbale ya tirigu wophika wokumbukira akufa. Tata anaima pafupi ndi khomo, ndodo ku dzanja lamanzere, botolo la rakiya, kachasu wa kwathu, ku dzanja lamanja. Wansembe anaimba foni kuti msewu wavuta, achedwa pang'ono. Buledi sadulidwa iye asanafike, ndipo akamadulidwa, a m'banja onse amamugwira ndi kumuzungulitsa pamodzi.

Podikirapo ndinapereka mphatso yanga. Tata anaigwira felemuyo n'kupsompsona dzina la bambo awo. Inayenda m'manja mwa alendo mpaka inafika kwa a Gojko, amene anali atamwa kale matoti atatu.

"Magazi ndi amenewa," anatero akuikweza m'mwamba. "Dane, Stevo, Gojko. Mzere wowongoka, wopanda chigamba." Kenaka anatembenukira kwa mwana wanga, amene anakhala ndi chibwenzi chake Tijana. "Iwe Nenad, wansembe akafika uime kumbuyo ndi alendo. Buledi agwire a Uzelac."

"Chabwino, bambo aakulu," anatero Nenad. Makutu ake anafiira, ndipo Tijana anayang'ana m'mbale.

Ndinayang'ana Tata. Ndinkafuna mawu amodzi okha.

"Gojko, thirira alendo," anangotero.

Smilja anandigwira bondo pansi pa tebulo. Ndinachotsa dzanja lake n'kuimirira. Pepala lija linatuluka lokha m'thumba, kapena ndimakonda kuganiza choncho.

"Popeza tikukamba za magazi, ndili ndi tsamba linanso," ndinatero. "Marichi 1921. Mzere wa 14, Soka Uzelac, zaka 27, akupita kwa mwamuna wake. Mzere wa 15, Stevan Uzelac, wamwamuna, wa miyezi isanu ndi iwiri, wobadwira ku Lika."

Palibe anatafuna.

"Agogo a Dane anali asanaone mkazi wawo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sanabwerereko kwawo ngakhale kamodzi. Werengera, Gojko, iwe wodziwa magazi." Kanali koyamba m'moyo mwanga kuwatchula achimwene anga kuti iwe. "Mwa iwe mulibe dontho la Uzelac, mwa ine mulibenso. Ngati Nenad aime kumbuyo, tiyeni tonse tikaime naye."

Ndinali nditapambana, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinamva kukoma kwake. Kenaka ndinamva phokoso la mwendo wa mpando ukukhula pansi. Tata anali akupapasa kumbuyo ndi dzanja. Anaika botolo pa tebulo bwinobwino kuti lisagwe, n'kukhala pansi. Kandulo inali ikuyaka.

A kuma Draginja, a zaka 91, anachita chizindikiro cha mtanda n'kundiyang'ana.

"Ukuyesa ndiwe woyamba kudziwa kuwerenga miyezi?" anatero. "Amayi anga anali pa sitima yomweyo, ndi amene ankamunyamula Stevo a Soka akamasanza. Takhala chete zaka 90, mwanawe, ndipo sikuti tinalibe pakamwa."

A Gojko anayang'ana Tata, kudikira kuti akane. Tata anayang'ana kandulo. Achimwene anga anatuluka m'chipale chofewa osavala chikhoti. Alendo anayamba kukumbukira mmodzimmodzi kuti msewu wavuta. Wansembe atafika anapeza theka la nyumba, ndipo Tata anagwira buledi ali chikhalire. Nenad sanasendere n'komwe.

"Tata, sindinakupempheni kuti mundigulire malo ndi manyazi a agogo," Nenad anandiuza pabwalo.

Titafika pageti pathu, Smilja anatembenukira kwa ine m'galimoto.

"Inenso ndinabwera kwa iwe ndi mwana m'manja," anatero. "Lero ndamva mmene zimamvekera akamaziwerenga pagulu."

5

Panapita masiku khumi ndisanalimbe mtima kupita kwa Tata. Ndinawapeza masana m'khichini, atakhala pa mpando womwe uja, atafunda bulangeti m'miyendo. M'masiku khumiwo anali atakalamba kuposa m'zaka khumi zapitazo.

"Tata, ndakuuzani chinthu choopsa mwa njira yoipa," ndinayamba.

"Wandiuza chiyani? Ndinadziwa iwe ukadali khanda. Khala pansi."

Bambo awo anawauza mu 1952, ali pa bedi la imfa, tsiku limene anawapatsa slava. Masiku amenewo mkazi wofika yekha sankamulola kuchoka pachilumba cha obwera kumene ku New York mpaka mwamuna wake adzamutenge. A Dane ananyamuka ku Gary pa sitima ya pamtunda atavala suti yatsopano. Atalowa m'chipinda chodikirira anaona mkazi wawo ataima, khanda lili m'manja. Anayang'anana. A Dane anatembenuka n'kutuluka.

"Anayendayenda m'misewu ya New York masiku awiri," anatero Tata. "Ankati sanadziwe kumene anagona. Akanapanda kubwerera, amayi ndi ine akanatibweza pa sitima yomweyo. Tsiku lachitatu anabwera ndi kachipewa ka ubweya, chifukwa anaona kuti mutu wanga unali pamtunda. Mkulu wa pamenepo anafunsa, mkaziyu ndi wanu? Anati inde. Nanga mwanayu? Anati ndi wanga."

"Nanga munthuyo anali ndani, amene..."

"Tata anga sanafunse, ndiye ine ndine ndani kuti ndifunse? Kunali nkhondo, kunali njala, kunali zaka zisanu ndi zinayi. Anasamukira kuno kumene anthu ambiri sankawadziwa, n'kukandilembetsa tsiku lobadwa lotseka pakamwa pa anthu. Pondipatsa slava anati, Stevo, ndakupatsa ndi manja anga, ndi yako. Koma dzina la mayi ako lisadzatchulidwe moipa kandulo ikuyaka. Ndinasunga zaka 58. Ndimaimira Yohane, inde, koma ndimaimiranso munthu amene anabwerera tsiku lachitatu."

Misozi yanga inali ikutsika, koma mkangano unali usanathe mwa ine. Ndine wotero.

"Nanga bwanji simunawayankhe a Gojko? Mwana wanga ananyozedwa pamaso pa mkazi womukwatira, inu muli chete."

"Ndimadikira wansembe."

"Kuti atani?"

"Kuti buledi akafika pa tebulo, ndimugwire Nenad dzanja, ndiliike pamwamba pa langa. Gojko akanati chiyani? Agalu amauwa, buledi n'kumazungulira. Ndi mmene Tata anga anachitira ndi ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pamaso pa anthu ena amene ankadziwa zonse. Palibe anatsegula pakamwa." Analoza kabati ndi chibwano. "Chithunzi cha Yohane chaching'ono chija chimene amayi anabwera nacho ndinali nditakulunga kale, ndi cha Nenad. Wansembe anachedwa ndi mphindi makumi awiri, Rade. Makumi awiri okha."

Ndinagwada pansi pa khichinipo, mwamuna wa zaka 60, n'kuika mutu pa bulangeti lawo. Anandisisita tsitsi monga ankachitira ndili mwana.

"Kukhululuka ndakhululuka, ndiwe mwana wanga," anatero. "Koma amene unawavula pagulu si ine. Pita kumanda ukawapepese amayi anga, mwina iwo akuyankha. Potuluka utseke chitseko, kukuzizira."

6

Tata anamwalira mu Epulo, kutatsala masabata atatu kuti Nenad akwatire. Dokotala anati ndi mtima ndi ukalamba. Ine ndili ndi maganizo anga, ndipo palibe angandichotsere. Asanamwalire anaitana Nenad yekha, n'kumupatsa chithunzi chija ndi madalitso. Ine ndinamva kwa Smilja.

Kumanda a Gojko anaima tsidya lina la dzenje. Nditawapatsa dzanja anayang'ana nsapato zawo. Munthu uja anali wolakwa, koma moyo wake wonse unatsamira pa dzina limodzi, ndipo ine ndinalichotsa ngati mmene umachotsera makwerero mnzako ali padenga. Sayatsanso kandulo. A kuma Draginja atawafunsa anayankha kuti alibe woyera. Papita zaka zinayi osandilankhula.

Maliro atatha ndinabwerera kulaibulale, sindikudziwa kuti ndinkafunanso chiyani. Mayi uja anandifunsa ngati ndinaona masamba a kumapeto.

"A kumapeto ati?"

"Mndandanda uliwonse uli ndi masamba a anthu amene anasungidwa pachilumba. Ambiri amaima akangopeza dzina."

Anali masamba makumi atatu kutsogolo kwa pamene ndinaima. Soka Uzelac ndi khanda, osungidwa podikira mwamuna. Ankalemba ngakhale chakudya chimene munthu wadya ali m'manja mwawo. Cham'mawa kawiri, chamasana katatu, chamadzulo kawiri. Agogo anga anakhala pa tebulo la anthu achilendo kasanu ndi kawiri, mwana ali pamiyendo, osadziwa ngati chitseko chidzatsegukanso. Kumapeto kwa mzerewo kunali mawu atatu, kwa mwamuna wake, ndi ola limene anatuluka, 3 koloko masana.

Chikondi chachikulu kuposa chonse m'banja mwathu chinali pomwepo, chitalembedwa ndi inki, m'buku lomwelo. Ine ndinaima pa mzere umene unandipatsa mpeni.

7

Owerenga anzanga, ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukufufuza makolo anu, ndipo sindikuletsani. Fufuzani. Koma mukapeza mzere wodabwitsa, werengani mpaka tsamba lomaliza, ndipo musanatsegule pakamwa funsani akuluakulu amene akuoneka ngati sakudziwa kanthu. Nthawi zambiri amadziwa, ndipo kukhala chete kwawoko ndi ntchito imene akhala akugwira tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Ine ndinkayesa kuti ndikuteteza mwana wanga, pamene agogo a Dane anali atamuteteza kale mu 1921 ndi mawu aja akuti ndi wanga. Madzi akatayika saoleka. Kumanda kwa a Soka ndimapitako mwezi uliwonse, ndipo sanandiyankhebe.

Slava tsopano imachitikira kwa Nenad. Ine yanga sindinayambe, ngakhale ndili ndi ufulu wotero. Nenad amaima tsiku lonse pafupi ndi khomo, botolo kumanja, mwana wake wamkazi Soka atamukakamira mwendo. Amaika mbale ya a Gojko chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse Tijana amaibweza m'kabati ili yoyera.

Ndikafika amandipsompsona katatu, n'kundikokera mpando.

"Khalani pansi, Tata," amatero.

Ndimakhala, chifukwa ndilibe nkhope yoimira pamene kandulo imeneyo ikuyaka.